Magazi akakanidwa ku labotale, wodwala adziwe tsiku lomwelo

Kakhadi kotengera magazi a khanda kali ndi malo asanu ozungulira. Namwino amabaya kachidendene ka mwana wa milungu 6, wobadwa kwa mayi yemwe ali ndi HIV, n'kudontheza magazi mpaka malowo adzaze. Kenako kakhadiko kaume pamthunzi maola osachepera atatu kasanatsekeredwe m'kathumba kapulasitiki limodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Dontho likachepa, kakhadi kakalongedzedwa kasanaume, kapena nambala ya pakhadi ikasiyana ndi ya pafomu, a ku labotale amakakana. Mayi amene analipira kabaza kuchokera m'midzi ya kwa Lundu amakhala atabwerera kale kwawo, mtima uli m'malo kuti mwana wayezedwa, pamene palibe chimene chayezedwa.

Ena amati a ku labotale amangovuta, bwenzi akungoyeza chimene chafika poti wodwala wachokera kutali. Maganizo amenewa ndi achifundo koma akhoza kupha munthu. Kuno ku chigwa cha Shire, mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo magazi a m'kabotolo akachedwa panjira maselo ofiira amasweka, potaziyamu n'kuoneka wokwera pamene m'thupi mwa mwini wake ali bwinobwino. Magazi akaundana m'kabotolo chifukwa sanasakanizidwe bwino ndi mankhwala a m'katimo, makina amawerenga maselo molakwika. Dzina likasokonekera, zotsatira za Nambewe zimapita kwa Nabanda, ndipo ngati nkhani yake ndi yoika munthu magazi, mapeto ake akhoza kukhala maliro. Wa ku labotale wokana magazi otere akugwira ntchito yake ndipo tisamunyoze.

Chimene chimandiwawa ndi chete amene amatsatira kukanako. Zipatala zazing'ono za ku Chikwawa ndi Nsanje zimadalira njinga zamoto za bungwe la Riders for Health, zomwe zimafika masiku oikika kudzanyamula magazi ndi kudzasiya zotsatira. Uthenga woti magazi akanidwa ukamadikira ulendo wa njinga, kenako n'kudikiranso tsiku lomwe mayi adzabwere ku sikelo, mwezi umatha mosavuta. Nanga m'dzinja? Namondwe Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa n'kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira, namondwe Freddy anabweranso mu Malichi 2023, ndipo a ku Makhanga amadziwa kukhala milungu atazingidwa ndi madzi. Matenda sadikira kuti msewu ukonzedwe. Mwa ana obadwa ndi kachilomboka amene sanayambe ma ARV, pafupifupi theka amamwalira asanakwane zaka ziwiri. Wamkulu amene mankhwala asiya kumugwira, tizilombo tikuchuluka m'magazi, amapitiriza kumwa omwewo mpaka chotsatira chidzafike.

Choncho kukanidwa kwa magazi kuzitengedwa ngati uthenga wadzidzidzi. Tsiku lomwelo labotale iimbire foni chipatala chomwe chinatumiza, itchule nambala ndi chifukwa, mlangizi wa zaumoyo (HSA) wa dera limenelo akamuuze wodwala pakhomo pake, ndipo wobwera kudzatengedwanso magazi asayimenso pamzere kuyambira kumbuyo, poti kulakwa sikunali kwake. Maofesi azaumoyo a maboma awiriwa aziwerenganso mwezi ndi mwezi magazi okanidwa a chipatala chilichonse ndi zifukwa zake, kuti aone ngati vuto ndi katengedwe, kalembedwe kapena mtunda, osati pofuna kupeza womukalipira.

Ndikudziwa yankho lake: antchito ndi ochepa, namwino mmodzi akuona mzere wofika panja, mafoni achokera kuti? Kuchepa kwa antchito n'koona ndithu. Komatu magazi okanidwa amamubwezera namwino yemweyo ntchito yomwe anaigwira kale, ndi singano ina, kakhadi kena, mafuta ena a njinga. Mphindi imodzi yowerenga dzina mokweza wodwala asanadzuke pampando, ndi mayunitsi a foni imodzi, n'zotsika mtengo kuposa bedi la mwana wogonekedwa ku chipatala cha Chikwawa kapena wotumizidwa ku chipatala cha Queens atafooka kale.