Nyimbo za malipenga tizilembe akulu asanapite nazo

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwathu kuno ku Likoma, lero tisiye kaye nkhani za mayeso tikambe za chitoliro.

Ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, kunali bambo wina wosaona dzina lake Jacob van Eyck, amene anamwalira mu 1657. Ntchito yake inali kuimba mabelu a pansanja ya tchalitchi cha Dom, koma madzulo ankakhala pabwalo la Janskerkhof n'kumaimba chitoliro kwa anthu odutsa. Mu 1649 anamuwonjezera malipiro kuti azipitiriza zimenezi. Nyimbo zake zinali zomwe aliyense ankadziwa kale: za m'misewu, za m'magule, masalimo a m'tchalitchi, ngakhale zochokera ku England ndi France. Iye ankayamba ndi nyimboyo momwe ilili, kenaka n'kuibwereza moikometsera, ulendo uliwonse mofulumira komanso mopotapota kuposa woyamba.

Popeza sankaona, anthu ena ndiwo ankamulembera. Nyimbozi zinasindikizidwa ku Amsterdam kuyambira mu 1644, ndipo bukulo limadziwika kuti Der Fluyten Lust-hof. Muli nyimbo zoposa 140, ndipo mpaka lero ophunzira chitoliro padziko lonse amaziimba.

Nanga ife? Pano pa Chipyela tili ndi tchalitchi cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, ndipo nyimbo za m'menemo zili m'mabuku. Koma nyimbo za malipenga zili m'mitu mwa anthu basi. Gule ameneyu anatengera perete wa asilikali a King's African Rifles, ndipo makolo athu, posowa malipenga a mkuwa, anapanga awo ndi zikho. Chimene anachita n'chofanana ndi cha van Eyck: kutenga nyimbo ya wina n'kuipanga kukhala yako. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anapeza womulembera. Kwathu kuno mkulu wa boma la malipenga akamwalira, nyimbo zina amapita nazo kumanda, ndipo anyamata oti akanaziphunzira anakwera kale Ilala kukasaka ntchito kumtunda.

Ena mudzati kulemba nyimbo n'kuiumitsa, chifukwa boma lililonse limaimba mwakemwake. Zoona ndithu. Koma van Eyck analemba nyimbo imodzi m'njira zingapo, ndipo ifenso tikhoza kulemba momwe amaimbira boma ili ndi momwe amaimbira linalo, pamodzi ndi dzina la mudzi ndi la amene watiimbira. Enanso mudzati foni imajambula. Ijambule, koma foni ikagwera m'nyanja zonse zathera pomwepo, komanso kumvera kokha sikuphunzitsa mwana kuzindikira kamangidwe ka nyimbo.

Zida tili nazo kale. Aphunzitsi a kwaya amadziwa tonic sol-fa, do re mi uja. Kope limodzi, cholembera ndi ana asanu a kalabu ya nyimbo ndi zokwanira. Temu iliyonse apite kwa agogo awo akalembe nyimbo zitatu za malipenga kapena za chioda, atapempha chilolezo kwa eni gule, kenaka akaziimbe pamaso pawo kuti awakonze. Kope lina lisungidwe kusukulu, lina kwa eni nyimbo.

Inu ana athu muli ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Joni, mukabwera pa Khrisimasi mubwere ndi makope. Ife aphunzitsi tipeza nthawi Lachisanu masana.