Nyumba Sinagwe, Koma Yatsala Yopendekeka

Chivomezi chikangotha, aliyense amafunsa za anthu: kodi atuluka amoyo? Funso lina limabwera patapita masabata, mainjiniya akafika ndi zida zoyezera n'kupeza kuti nyumba yosanja imene yapulumutsa anthu onse yatsala yopendekeka, ndipo siidzawongoka yokha.

Kupendekekaku sikutanthauza kuti omanga analakwitsa. Malamulo a zomangamanga m'mayiko monga Japan, New Zealand ndi United States amalola dala kuti mitanda yachitsulo ipindike chivomezi chikakula. Chitsulo chikamapindika chimamwa mphamvu ya kugwedezekako m'malo mothyoka mwadzidzidzi, ndipo anthu amapeza mpata wothawa. Koma chitsulo chopindika mopitirira malire chili ngati waya amene mwana wapinda popanga galimoto yoseweretsa: amakhala momwemo.

Kupendekeka kwake kumaoneka kochepa. Ofufuza a ku Japan, dziko limene linaona chivomezi choopsa ku Kobe mu 1995, amati nsanjika ikatsala yopendekeka kupitirira 0.5 peresenti ya kutalika kwake, kukonza kumayamba kudula kuposa kumanga ina. Pa nsanjika yotalika mamita 4, amenewo ndi masentimita 2 okha. Komabe zitseko zimayamba kukana kutsekeka, zikepe zimavuta kuyenda, ndipo ena okhala mkatimo amamva chizungulire.

Amene amaikira kumbuyo kamangidwe kameneka ali ndi mfundo yolemera. Chivomezi chachikulu chingathe osabwera m'zaka zonse zimene nyumba idzakhalepo. Kumanga nyumba iliyonse kuti isapindike n'komwe kungafune chitsulo chochuluka, ndipo mtengo wake ungagwere ochita lendi. Ntchito ya lamulo, iwo amati, ndi kuteteza moyo. Za chuma mwini nyumba aone yekha ndi a inshuwalansi. Ndipo pa chivomezi cha ku Christchurch, ku New Zealand, pa 22 February 2011, anthu 115 mwa 185 amene anamwalira anafera m'nyumba imodzi ya konkire, ya CTV, imene inagweratu. Achibale awo akanakondwa kwambiri ikanangopendekeka.

Mfundo imeneyi ndimailemekeza, koma sindikhutira nayo. Mzinda womwewo unaonetsa mbali ina. Pakati pa tauni panatsekedwa kwa zaka zoposa ziwiri, ndipo nyumba zambiri zimene sizinagwe, makamaka za konkire, zinagumulidwa chifukwa kuzikonza sikukanapindula. Popeza eni ake ambiri anali ndi inshuwalansi, kugumula kunali kosavuta kusankha. Nanga wogulitsa khofi pansi pa nyumbayo, kapena mayi wosesa m'maofesi, anam'lipira ndani? Nyumba ikatayika, imapita ndi ntchito za anthu amene sanafunsidwepo pamene inkajambulidwa.

Chochititsa chidwi n'chakuti njira yabwinoko inaonekera komweko. Pacific Tower, ya nsanjika zoposa 20, inamangidwa mwakuti kupindika kuzichitikira pa tizigawo tatifupi ta mitanda, osati paliponse. Tizigawo towonongeka tinasinthidwa ndipo nyumbayo inatsegulidwanso mu 2013. Pomanganso mzindawo, ambiri anasankha chitsulo, ena n'kuwonjezera mfundo zolumikizira mitanda zomangidwa ndi mabawuti zimene zimaterereka m'malo mopindika, monga imene anakonza Charles Clifton wa ku University of Auckland. Palinso mafelemu amene amanyamuka pang'ono pa maziko kenako n'kukhalanso m'malo mwake.

Tisathamangire kukhulupirira njira zatsopanozi ngati zopanda chilema. Chisanachitike chivomezi cha ku Northridge, ku United States, mu 1994, akatswiri ankadalira kwambiri mfundo zowotcherera za mafelemu achitsulo. Pambuyo pake anapeza zambiri zitang'aluka, zitabisika kuseri kwa makoma. Njira zobwezera nyumba m'malo mwake zayesedwa kwambiri m'malaboletale, koma zochepa zokha zakumana ndi chivomezi chenicheni chachikulu, ndipo zimafuna amisiri osamala ndiponso kuziyendera kawirikawiri.

Choncho sindinganene kuti shedi iliyonse yosungiramo katundu imangidwe motero. Koma chipatala, malo a ozimitsa moto ndi nyumba zimene mumakhala mabanja ambiri siziyenera kuyezedwa ndi funso la kugwa lokha. Lamulo litchule malire a kupendekeka kotsalira pa nyumba zoterezi. Kwa zina zonse, injiniya auze mwini wake momveka, asanakumbe maziko, kuti nyumba yotsatira lamulo ingathe kudzagumulidwa pambuyo pa chivomezi chimodzi, ndipo am'patse mtengo wa njira zonse ziwiri kuti asankhe akudziwa.