Makutu ali bwino, koma mwana sakunama

Pali mawu amene afala pakati pa makolo ndi aphunzitsi muno mu Lusaka. Akuti mwana akapimidwa makutu kuchipatala cha UTH kapena cha Beit CURE n'kupezeka kuti alibe vuto, ndiye kuti "sindinamve" wake uja ndi mwano basi. Ena amachita kuseka kuti APD, vuto loti ubongo umalephera kulongosola mawu amene khutu lalandira, ndi matenda a ana a ku Kabulonga ndi Woodlands, ndipo ku Kabwata ndi ku Chelstone mankhwala ake ndi ndodo. Ife tikukana.

Makutu amapimidwa m'chipinda cha zii. Mwana amavala zomvera, makina akalira iye n'kukweza dzanja. Zimenezi zimangotsimikiza kuti khutu likugwira ntchito. Kusiyanitsa "pala" ndi "bala", kutola mawu a aphunzitsi pakati pa phokoso la anzake, kusunga malangizo atatu motsatana, zonsezi ndi ntchito ya ubongo, ndipo ana ena amakodwa pamenepo. Si zachilendo ayi: katswiri wina, Helmer Myklebust, analemba za ana otere ku America mu 1954.

Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, makalasi a boma adzaza thothotho. Mwana wa giredi 3 wakhala kumbuyo, pazenera loyang'ana Burma Road, ma minibasi akuliza mahutala. Aphunzitsi akulankhula uku akulemba pabolodi, msana uli kwa ana. Iye akusuzumira m'kope la mnzake kuti adziwe tsamba lomwe anena, aphunzitsi n'kumati akubera. Madzulo amayi ake amutuma mchere, machesi ndi sopo ku kantemba, iye n'kubwera ndi sopo yekha. Koma mukamuitana pambali n'kumuuza chinthu chimodzi mukumuyang'ana, amachita bwinobwino. Wamwano sasankha chonchi.

Okayikirawo ali ndi mfundo imodzi, ndipo sitiibisa. Dzina la APD limatha kuperekedwa mopupuluma, akatswiri enieniwo sagwirizana pa malire ake, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za ADHD (vuto lolephera kukhazikika maganizo), za vuto la kuwerenga, ngakhalenso za mwana amene sanachidziwe bwino chilankhulo cha m'kalasi. N'chifukwa chake kupima kumayamba ndi khutu lenilenilo: litsiro lotseka khutu, mafinya, kapena madzi odikha mkati pambuyo pa chimfine, zomwe n'zofala ndiponso zimachizika. Mayeso a APD amabwera pambuyo, kawirikawiri mwana atakwanitsa zaka 7. Amamuuza kuti amvetsere manambala osiyana kukhutu lililonse nthawi imodzi, kapena mawu osakanizidwa ndi phokoso, kuti abwereze.

Chovuta n'chakuti ambiri mwa mayesowa anakonzedwa m'Chingerezi, ndi mawu a anthu a ku Britain kapena ku America. Mwana amene kwawo amalankhula Chinyanja ndi Chibemba akhoza kuwalephera ubongo wake uli bwino. Kholo limene lalipira ndalama zambiri lifunse kuti mwanayo anayesedwa m'chilankhulo chanji lisanalandire pepala la zotsatira.

Za ndodo tisachulutse mawu: lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa kumenya ana m'sukulu. Aphunzitsi amusunthire mwanayo kutsogolo, kutali ndi zenera. Amutchule dzina asanalankhule, apereke langizo limodzilimodzi, ndipo nambala ya tsamba ailembe pabolodi. Kunyumba, wailesi izimitsidwe kaye asanamutume. Teremu ikatha zinthu zisanasinthe, makolo abwerere naye kuchipatala atatenga makope ake ndi kalata ya aphunzitsi.