Chiundo Chabwino Chimasunga Chuma cha M'nyumba

Amayi anzanga a kumudzi ndi a m'tauni, mvula yayandikira. Abambo ayamba kale kukwera pamadenga, ena kufolera udzu watsopano, ena kukhoma malata amene mphepo idagwedeza. Zimenezo nzabwino ndithu. Koma sabata ino ndifuna kuti ife tiyang'ane pansi, pa kampata kaja kamene kamatsala kunsi kwa chitseko. Denga likamadontha aliyense amaona, ndipo beseni limatcheredwa msanga. Madzi oloŵera kunsi kwa chitseko amadza mwakachetechete, kaŵirikaŵiri usiku, ndipo amafikira pomwe tasunga chakudya.

Kuno ku Ngala chuma cha mayi chimakhala pansi: thumba la mpunga, ufa wa kondowole, makaka, dengu la usipa wouma woyembekeza ogula, ndi mphasa zogonera ana. Zonsezi zimadana ndi chinyontho. Ufa ukanyowa umachita chuku, usipa umayamba kununkha ndipo wogula amakana kapena kutsitsa mtengo. Ntchito ya miyezi ingapo imatha ndi mvula ya usiku umodzi.

Tisaiŵalenso kuti madziwo sakhala oyera. Asanafike pakhomo amakhala atakokolola zitosi za nkhuku, ndoŵe za ziŵeto, ngakhalenso zonyansa za kuchimbudzi chikasefukira. Pansi pamene aloŵapo ndi pomwe mwana amakwaŵa ndi kutola zinthu kuika m'kamwa. Matenda a kolera amene adavuta m'zaka za 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno, ndipo boma lathu la Nkhotakota silidatsale. Madzi auve ndiwo njira yake yaikulu.

M'chilimwe namonso kampatako sikapuma. Mwera ukamaomba, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mchenga ndi zinyalala zimaloŵera pomwepo, mayi nkumasesa kaŵiri katatu patsiku. Makoswe, achule, zinkhanira ndi njoka nazo zimadziŵa njira imeneyi.

Makolo athu ankazidziŵa izi. Pomanga nyumba ankaumba chiundo pakhomo, kamtumbira kamene munthu ankayamba wakadumpha asanaloŵe. Nyumba zambiri za masiku ano zili ndi simenti yosalala kuchokera pakhonde mpaka kuchipinda, chiundo palibe. Maso amakondwa, koma madzi apeza mseu.

Choyamba, yesani khomo lanu. Masana tsekani chitseko muli m'kati, muone kumene kuŵala kukuloŵera. Pamene padzera kuŵala, madzi ndi mchenga zidzeranso pomwepo. Kenaka thirani ndoŵa imodzi ya madzi pakhonde, muone kumene athamangire. Akaloza kukhomo, dziŵani kuti khonde lanu lidapendekera m'nyumba ndipo lifunika kukonza.

Chachiŵiri, mangani chiundo. Zitseko zambiri zimatsekukira m'kati, choncho chiundo chikhale kunja, chogundana ndi chitseko chikatsekedwa, kuchokera pa mphuthu ina kufika pa inzake popanda mpata m'mbali. Msinkhu wa njerwa imodzi yogoneka ukwanira. Gwiritsani ntchito njerwa zootcha. Sakanizani muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso itatu ya mchenga woyera wopanda dothi. Musanamate, gobani pang'ono simenti yakale, musese ndi kunyowetsa kuti yatsopano igwire. Pamwamba pake papendekere kunja, ndipo m'mphepete musasiye mwakuthwa, kuopa kuti agogo ndi ana angapunthwe. Mukatha, muziwaza madzi m'maŵa ndi madzulo kwa masiku 7, pakuti simenti youma msanga padzuŵa imang'aluka. Amene nyumba zawo nzozira aumbe chiundo ndi dothi la pachulu, atsindire bwino, ndipo azizira kaŵirikaŵiri nyengo yonse ya dzinja.

Chachitatu, tsekani kampata kotsala. Chubu chakutha cha njinga kapena cha galimoto chimagwira bwino ntchito imeneyi. Ching'ambeni, mudule molingana ndi kufupika kwa chitseko, muchikhomere kunsi cha m'kati mochipanikiza ndi kathabwa kopyapyala kuti misomali isaching'ambe. Mpirawo uzingokhudza pansi, usamakwekwereke mpaka kuvuta kutseka.

Pali chinthu china chimene ambiri amaiŵala. Mvula yamphepo imamenya chitseko, madzi nkumatsetsereka nacho mpaka kugwera m'kati mwa chiundo chomwe mwamangacho. Pempheni kalipentala, kapena bambo a kunyumba, akhome kathabwa kopendekeka kunja kwa chitseko, pamwamba pang'ono pa chiundo, kotuluka ngati kadenga. Madzi otsika pachitseko adzagwera kunja.

Chachinayi, apatseni madzi njira yawo. Akulu adati madzi saiŵala khwaŵa. Mukangowatsekera osawalozera kopita, adzaima pakhomo ndi kunyowetsa chipupa kunsi mpaka chigwe. Kumbani ngalande mozungulira nyumba, pamene madzi a padenga amagwera, iloze kumunsi kutali ndi chitsime, chimbudzi ndi bwalo la mnansi wanu. Muziichotsa mchenga ndi masamba mvula ikangokata.

Kwa amayi a m'tauni amene muli ndi garaja, ndiponso inu amene mumasunga njinga yamoto, injini ya boti kapena katundu wa malonda m'kanyumba kapadera, chiundo cha njerwa chingavute poloŵetsa matayala. M'masitolo ena a zipangizo zomangira mumapezeka mpira wautali wokhala ndi msana, wopangidwira khomo la garaja. Umamatidwa pansi ndi guluu wolimba, pamzere pomwe chitseko chimafikira. Simenti iyenera kukhala youma, yosesedwa, yopanda mafuta a galimoto, ndipo mpirawo usapondedwe kwa tsiku lathunthu kuti guluu agwire. Ukasoŵa, mmisiri aumbe kamtumbira ka simenti kotsetsereka mbali zonse ziŵiri. Kumbukirani kuti chotsekera madzi kunja chimawatsekeranso m'kati, choncho galimoto lizitsukidwira pabwalo. Matumba a ufa, feteleza ndi simenti muziwasanjika pa matabwa, osati pansi penipeni.

Za ndalama musade nkhaŵa kwambiri. Khomo limodzi silitha thumba la simenti la makilogalamu 50. Mutu umodzi susenza denga: amayi a gulu limodzi, kaya la kutchalitchi, la kumzikiti kapena la banki m'khonde, angathe kusonkherana, kugula thumba limodzi ndi kugaŵana. Poyamba akonzereni amasiye ndi okalamba amene alibe wowathandiza.

Mawu otsiriza ndi chenjezo. Chiundo chimatchinga madzi a mvula oyenda pabwalo, sichitchinga chigumula. Tonse tikukumbukira kumapeto kwa Febuluwale 2024, pamene madzi adasefukira ku Dwangwa, nkugwetsa nyumba, kudula mseu wa M5 ndi kusiya anthu zikwizikwi m'misasa. Chaka chomwecho nyanja idakwera mpaka kuloŵa m'nyumba za m'mphepete mwake. Mukaona madzi akufika pamwamba pa chiundo ndipo akukwererabe, musataye nthaŵi ndi kukapa. Tengani ana ndi okalamba, thaŵirani kumtunda. Ufa tidzasinja wina.

Tsono, amayi anzanga, yesani makomo anu sabata yomwe ino dzuŵa likadalipo, pakuti simenti ifuna masiku ake kuti ilimbe mvula isanagwe. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamaŵa.