Wofika Kumene ku Canada Asadalire Chipatala cha Boma

Ena mwa anthu amene alandira chilolezo chokhazikika ku Canada amayamba apita masabata owerengeka kukafuna nyumba, nabwerera kudzatenga banja. Poganiza kuti akadwala kumeneko Boma lidzawasamala kwaulere, amalakwa ndithu. Ku British Columbia wofika kumene amadikira masiku otsala a mwezi umene wafikawo, ndi miyezi inanso 2, asanalandiridwe m'thumba la Boma la zaumoyo. Chigawo cha Ontario chinachotsa kudikira kwa miyezi 3 m'chaka cha 2020, komabe chimafuna munthu wokhazikikadi, osati wodutsa. Lamuloli nlolungama, pakuti thumbalo limadzazidwa ndi misonkho ya eni dera. Tsono mphunzitsi kapena kalaliki wopita ulendo wotere agule inshuwalansi asanakwere ndege, ndipo mankhwala amene amamwa awatenge pamodzi ndi kalata ya dokotala.