Mtima ukalema, yambani na miyendo

Mu 2024, caka ca cilala cija, malaiti anali kupita m'mawa n'kubwela pakati pa usiku. Pa wailesi pamene nimathandizila, mapulogilamu ambili anaima cifukwa mafuta a jeneleta anali kudula. Nchito yanga ni yongodzipeleka, ilibe malipilo, koma ndiyo inali kunidzutsa m'mawa. Itaima, na ine n'naima. N'nali kugona mpaka 11 koloko, kuyang'ana foni mpaka batili itatha, n'kugonanso. Panalibe malilo, panalibe matenda. Mtima cabe unali wolema monga thumba la simenti.

Tsiku lililonse n'nali kudziuza kuti, "Nikamvako bwino nidzasamba, nidzapita kukaona anzanga." Apa m'pamene ambili timalakwitsila. Timayembekeza kuti mtima uyambe wafuna, ndiye thupi litsatile. Koma mtima wolema sufuna ciliconse. Mungauyembekeze mwezi wathunthu.

Amene ananiculako ni ambuya ena a nyumba yoyandikana na yathu. Anagogoda m'mamawa n'kunena kuti, "Iwe mwana wanga, nyamuka unithandize kutapa madzi, msana wanga wakana." Munthu wamkulu sungam'kanile. N'nanyamula zigubu ziwili, uku nikung'ung'udza. Pa mzele wa ku pompi n'napeza anyamata akukangana za bola, mpaka wina anatsala pang'ono kutaya cigubu cake. N'nazindikila kuti naseka. Mawa lake ambuya anagogodanso.

Akatswili a za maganizo amacidziwa cimeneci: kambili kucita kumayamba, kumva bwino kumabwela pambuyo. Ndiye langizo langa loyamba ni lopanda ulemelelo uliwonse. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, olo mulibe kopita. Sambani. Tulukani panja dzuwa likali losapsa. Ngati mupita ku tauni, tsikani minibasi musanafike, muyendeko pansi. Ndipo cinthu cimene mufuna kucita, panganani na munthu wina. Lonjezo lodzilonjeza wekha silicedwa kuthyoka, koma mnzako akaima pa geti kukuyembekeza, manyazi okha adzakuvalika nsapato.

Foni nayo. Usiku, mu mdima, pa Facebook aliyense amene munaphunzila naye wagula motoka, wakwatila, ali pa ndeke. Palibe amene amaika cithunzi ca mwininyumba akufunsa za lendi. Ine n'nayamba kuisiya patali na bedi ikakwana 21 hours, ndipo tulo tunayamba kubwelako.

Za mowa na kubeca nikamba mosabisa, cifukwa ndiye mankhwala amene anyamata ambili m'komboni timathamangila. Mowa ni kaloba. Umakubweleka cimwemwe ca maola atatu, mawa lake ubwela kudzatenga na ciwongoladzanja: mutu uwawa, m'thumba mulibe, nkhawa ija yawonjezeka. Kubeca kuli cimodzimodzi, kungoti kumatenga na ndalama ya unga.

Cimene cimanikwiyitsa ni mau akuti "limba mtima, ndiwe mwamuna." Pa wailesi tikatsegula mafoni, amuna ambili amayamba na "nili na mnzanga wina amene ali na vuto." Timadziwa kuti mnzakeyo ndani, koma sitimufunsa. Munthu wacita kubisala kumbuyo kwa mnzake wosaoneka kuti cabe akambe zimene zimusowetsa tulo. Simufunika kuuza komboni yonse. Sankhani munthu mmodzi wosunga pakamwa, kaya ni alongo anu, amalume kapena wa ku chalichi, mumuuze kuti, "Masiku ano sinili bwino." Ndipo ngati ndimwe mwauzidwa, musathamangile kulalikila. Khalani naye pansi, mudyele pamodzi nsima.

Koma sinifuna kukunamizani kuti zigubu za madzi zimacilitsa zonse. Kukhumudwa kwa masiku ocepa n'kosiyana na matenda a maganizo. Ngati papita milungu iwili mtima ukali pansi pafupifupi tsiku lililonse, cakudya sicilowa, tulo tasokonezeka, zimene munali kukonda sizikukomelani, pitani ku kiliniki mukafotokoze monga mmene mungafotokozele cifuwa. Ise a mu Lusaka tazolowela kuchula Chainama monga nthabwala yonyozela munthu, ndipo nthabwala imeneyo yatsekeleza ambili m'nyumba. Cija ni cipatala cabe, muli madokotala na manesi.

Ngati maganizo odzipha ayamba kubwela, musayembekeze milungu iwili. Uzani munthu lelo lomwe, ndipo musakhale mwekha. Lifeline Childline Zambia ili na manambala aulele: 933, komanso 116 ya ana. Olo mulibe talk time, foni idzalowa.

Ambuya aja n'nadzamva pambuyo pake kuti ali na adzukulu awili amene amawatapila madzi masiku onse. Sin'nawafunse.