Kufala, Kumwazika ndi Kuyanga si Chinthu Chimodzi

Aliyense amene anaimapo pamaso pa ana a sukulu kuno kwa Nsamala m'boma la Balaka, kumene ena amayamwira Chichewa ndipo ena Chiyao, koma onse amayembekezera tsiku limene bungwe la MANEB lidzawayesa m'Chingerezi, adziwa kuti mwana akakumana ndi mawu monga spread, expand, extend, scatter, disperse, radiate kapena sprawl, kawirikawiri amauzidwa kuti onsewo atanthauza kufalikira, ndipo iye, pokhulupirira mkulu wake, amawathira m'dengu limodzi ngati nandolo ndi khobwe. Ine ndinena kuti chizolowezi chimenechi chimalanda mwana chuma chimene anabwera nacho kuchokera kwa amake.

Taonani mmene chinenero chathu chimasiyanitsira zinthu. Mbiri imafala, mayi amayala mkeka nayanika ufa, dzungu limayanga, anapiye amabalalika kabawi akatsika, ndipo wofesa amamwaza mbewu. Mwana wa zaka zisanu sasokoneza mawu amenewa. Nanga tilekeranji kumangapo Chingerezi chake pa maziko olimba chotere?

Spread ndilo kholo la onse, pakuti limagwira matenda, moto wolusa, mphekesera ndi mkeka womwe. Pamene kolera inapezeka ku Machinga mu Marichi 2022 niyenda kufikira maboma onse a dziko lino, liwu loyenera linali limeneli. Koma mwana ayenera kuchenjezedwa pa ziwiri: choyamba, pamene ife timati kufala ndi kufalitsa, Mngerezi ali ndi liwu limodzi lokha pa zonse ziwiri, chachiwiri, liwuli silisintha likanena za dzulo, kotero kuti wolemba spreaded wadzikumbira yekha dzenje.

Expand linena chinthu chokula mbali zonse chikhalirebe chimodzi, monga chitsulo chimafutukuka ndi dzuwa la Okutobala, kapena monga tauni ya Balaka yakulira chiyambire 1998, pamene boma lathu linapatulidwa ku Machinga. Extend liloza kutalika kolunjika kumodzi, ndipo chitsanzo chake chili pakhomo pathu pomwe, pakuti njanji imene inatsegulidwa mu 1970 kuchokera pa Nkaya kupita ku Nayuchi, kuti katundu wathu afike ku doko la Nacala, inatalikitsa njira ya sitima. Ndipo pamene ikupatuka pa njanji yakale, ngati nthambi pa thunthu, pamenepo ndi pa branch out.

Scatter ndi disperse ndi pachibale, koma sadyera mbale imodzi. Loyamba lili ndi phuma ndi chipwirikiti, monga anthu a nsanja ya Babele anabalalitsidwa pa dziko lonse. Lachiwiri ndi la ulemu ndi la m'makalata a boma, loyenera khamu lomwazikana mwambo wa maliro ukatha, kapena gulu limene apolisi alilamula kuti lichoke. Radiate lifuna phata, pamene zonse zichokera ngati kutentha kwa mbaula. Ndipo munthu anganene motero za nyimbo za Alleluya Band, zimene zinabadwira ku Balaka nizimveka ku mbali zonse za Malawi. Sprawl lokha lili ndi chidzudzulo m'kati mwake, chifukwa linena kuyanga kopanda dongosolo, monga nyumba zomangidwa chisawawa m'mbali mwa msewu.

Ena adzati kumasulira kotere kuchedwetsa mwana, ndi kuti Chingerezi chiphunziridwe m'Chingerezi mokha. Sindikana kuti mwana ayenera kumva ndi kuyankhula chinenerocho tsiku ndi tsiku. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi zochepa zimene mphunzitsi ataya pofunsa ana kuti dzungu limatani, anapiye amatani, njanji yatani, zidzabala zipatso makumi atatu ndi makumi asanu ndi limodzi pa tsiku la mayeso, pamene wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Komanso mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: ana athu adzapita ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, kumene liwu limodzi lolakwika m'kalata lingatseke khomo la ntchito.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu aphunzitsi ndi inu makolo a kwa Nsamala, kuti musapatse mwana liwu limodzi pamene makolo ake anamusiyira khumi. Mutengereni ku munda, ku msika ndi ku siteshoni, mumuonetse chinthucho ndi maso, achitchule m'chinenero chake, ndipo pamenepo mumupatse la Chingerezi lolingana nalo, pakuti m'mera mpoyamba.